Mindandanda ya alimi ilipo itatu, weniweni ndi uti? Thandizeni pa nkhani ya data

Nangozo: Akuluakulu ndi achemwali pa gulu pano mwaswera bwanji. Ndilemba motalika mundikhululukire. Ndimagwira ntchito ku kabungwe kena ka alimi a mbatata ya kachewere ndi nyemba kuno ku Dedza, mu ofesi tilimo anthu 6 basi. Mnyamata amene amatisungira data anasiya ntchito mwezi watha, wapeza pena ku Lilongwe, sitinayambane ayi koma atachoka mpamene tadziwa kuti zonse zinali m'mutu mwake ndi mu laputopu yake. Pano tili ndi mindandanda itatu ya alimi. Wina uli pa kompyuta ya mu ofesi dzina lake "alimi final", wina anautumiza pa WhatsApp mu Ogasiti dzina "alimi final final", wachitatu uli mu fulashi ya abwana, ndiye manambala ake sakugwirizana, mayi mmodzi akupezeka katatu m'makalabu awiri, ena oti anamwalira chaka chatha akadalimo. Ma donor akubwera kudzaona mabuku mwezi wamawa. Abwana akuti tigule sistimu. Sistimu yake iti, ndipo imadula bwanji?

Kamnyamata ka IT: kkkkk "final final" ija ilipo ofesi iliyonse m'Malawi muno, kwathu inafika mpaka "final yeniyeni osakhudza". Chemwali chokani pa Excel. Mukufunika database, pulogalamu yopangidwira kusunga data yambiri mwadongosolo, monga PostgreSQL kapena MySQL, zonse ndi zaulere, munthu akupangireni kapulogalamu kolowetsera pamwamba pake nkhani yatha.

Anaphiri a M&E: Achimwene dikirani kaye, ine wolondoloza ndi kuunika ntchito za mabungwe ndinenepo. Mukampatsa database munthu amene ali ndi mindandanda itatu yosagwirizana, mawa adzakhala ndi database imodzi yodzadza zinyalala zomwezo, kungoti pano zinyalalazo sadzathanso kuziona ndi maso chifukwa zabisala kuseri kwa kapulogalamu kanuko. Nangozo, tiyankheni izi kaye: alimi alipo angati mongoyerekeza, ndani amaloledwa kuwonjezera kapena kuchotsa dzina, ndipo mlimi mumamuzindikira ndi chani, dzina lokha?

Nangozo: Sapitirira 3,000. Kuwonjezera dzina amawonjezera aliyense amene wakhala pa kompyuta, alangizi akabwera kuchokera kumudzi amangopereka pepala kapena kujambula nkutumiza pa WhatsApp. Timazindikira ndi dzina ndi mudzi.

Anaphiri a M&E: Ndiye vuto lanu ndi limenelo, si sistimu. Anthu 3,000 Excel siimva nkomwe kulemera. Koma dzina ndi mudzi sizokwanira, mudzi umodzi ukhoza kukhala ndi a Phiri khumi a dzina loyamba lofanana, ndiyeno mayi yemweyo lero walembetsa ndi dzina la bambo ake, chaka chamawa ndi la amuna ake, mlangizi wina alemba mudzi ndi "Nk" wina ndi "Mk", kompyuta imaona anthu anayi pomwe pali munthu mmodzi. Chofunika choyamba ndi nambala ya mlimi aliyense yosasintha mpaka kale, bungwe lipereke lokha, ilembedwe pa kakhadi kake ndi m'buku la kalabu. Chachiwiri fayilo ikhale imodzi, mwini wake mmodzi wodziwika ndi dzina, ena onse azingoona osasintha. Izi sizifuna tambala.

Kamnyamata ka IT: Bwanji osangogwiritsa nambala ya chiphaso cha unzika? NRB, nthambi ya boma yopereka ziphasozi, inalembera anthu dziko lonse mu 2017, pafupifupi aliyense wamkulu ali nacho.

Anaphiri a M&E: Ikhalepo ngati kolamu yothandizira kugwira obwereza, koma isakhale ndiyo msana wa fayilo. Kumudzi ena chiphaso chinatayika, ena chili ndi mwana ku tauni, ena amabwera ndi cha amuna awo, ndipo nambala ija ili ndi zilembo zosakaniza ndi manambala ndiye mlangizi akamakopera pamanja O ndi 0 amazisokoneza daily. Mukaimangirira pamenepo mudzakhala ndi mizere yopanda kanthu mazanamazana.

Che Akaunti: Ndionjezere za Excel zomwe zinandiliza ine. Nambala ya foni mukailemba mu selo wamba ziro woyamba uja amathawa, 0999 imasanduka 999, ndiye tsiku lolipira alimi pa foni fayilo yonse ikukanidwa inu osadziwa chifukwa. Kolamu ya foni muiike ngati Text musanayambe kulemba. Madeti nawo, kompyuta ina inaikidwa zachi America ndiye 03/04 kwa iyo ndi 4 Malichi pomwe inu mumatanthauza 3 Epulo. Gwirizanani kalembedwe kamodzi, chaka kenako mwezi kenako tsiku, palibe amasokoneza. Ndipo mayina a midzi, makalabu ndi ma T/A asamalembedwe pamanja, pangani kamndandanda kosankhapo ndi Data Validation ya mu Excel momwemo.

Wa ku Leeds: Moni nonse kumudzi. Musamaone ngati zoterezi nza kwathu kokha. Kuno ku England mu Okutobala 2020 anthu pafupifupi 16,000 opezeka ndi Covid sanalowe m'malipoti pa nthawi yake chifukwa nthambi ya boma ya zaumoyo, Public Health England, imasonkhanitsa zotsatira mu Excel ya mtundu wakale wa XLS umene umathera pa mizere 65,536, zopitirira pamenepo zimangodulidwa mwakachetechete popanda kukuwa. Mtundu watsopano wa XLSX umafika mizere 1,048,576. Boma lonse ndi ndalama zake linagwa ndi fayilo.

Kamnyamata ka IT: Mwaonatu, nchifukwa ndikuti database.

Anaphiri a M&E: Iwo aja amalandira data ya dziko lonse tsiku ndi tsiku achimwene, awa ali ndi alimi 3,000 kkkk. Ndipo mukawapangira database yanuyo inu nkupeza ntchito ku Johannesburg, adzaikonza ndani? Abwereranso pomwe ali leropa, kungoti m'malo mwa laputopu ya mnyamata uja idzakhala seva yanu.

Kamnyamata ka IT: Apo ndavomera pang'ono. Koma tsiku lomwe adzayambe kulemba ngongole za mbewu, zokolola za chaka chilichonse ndi malipiro pa mlimi yemweyo, Excel idzawavuta, chifukwa adzayamba kuwonjezera makolamu kumanja mpaka osaonanso dzina. Ngakhale atsalire pa Excel aphunzire kaganizidwe ka database: shiti ya alimi payokha, mzere umodzi munthu mmodzi, shiti ya ngongole payokha, ya zokolola payokha, zonse zikulumikizana ndi nambala ya mlimi ija. Osaphatikiza maselo, osaika mitundu kuti yelo ndiye walipira, chifukwa mtundu sungauwerengetse. Akatero tsiku losamukira ku database lidzakhala la maola ochepa.

Anaphiri a M&E: Eya apa ndiye mwalankhula.

Madala a Kaundula: Ana inu ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinagwira ukalaliki zaka zambiri tisanaone kompyuta, buku lachikuto cholimba, rula ndi bolopeni yofiira. Buku silifuna magetsi, silifuna pasiwedi, ndipo munthu akafufuta chinthu pamaoneka. Inu makompyuta anuwa munthu asintha 50 kukhala 500 palibe chipsera. Mwana wanga Nangozo, owerengera mabuku akabwera sadzakhulupirira fayilo yako, adzafuna mapepala amene alimi anasainira kapena kudinda chala polandira mbewu. Ali kuti amenewo? Yambira pamenepo, mndandanda weniweni ndi umene ukugwirizana ndi zidindo za zala.

Nangozo: Madala mwandikumbutsa, mapepalawo alipo mu katoni ku sitolo, pansi pa matumba. Mawa ndikawatulutsa.

Madala a Kaundula: Pansi pa matumba! Chiswe ndi makoswe akuwerenga okha kumeneko.

Mlangizi wa zaumoyo: Madala ulemu wanu koma pepala nalo lili ndi tsiku lake. Ine ndili chakuno ku Phalombe, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatiphunzitsa. Mabuku amene ananyowa anamatana kukhala ngati chigumu, inki inayenderera, pomwe manambala amene anali atalowa kale mu DHIS2 tinawapeza bwinobwino netiweki itabwerera. Kwa amene simukuidziwa, DHIS2 ndi sistimu yomwe unduna wa zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala, inapangidwa ku University of Oslo ndipo ndi yaulere, maiko ambiri a mu Africa akugwiritsa ntchito yomweyo. Koma ndinene chilungamo, sistimu ija imadya zomwe mwaipatsa. Timalemba mu rejisitala, kutha kwa mwezi tiwerengetsa nkulemba pa fomu, fomu ikalowetsedwa mu kompyuta, ndiye ngati munthu anawerengetsa ali ndi tulo, cholakwikacho chimayenda ulendo wonse mpaka ku Capital Hill chitavala jekete. Nchifukwa amabwera anthu kudzafananitsa rejisitala ndi lipoti. Ndiye zonse ziwiri zimafunana, pepala ndi kompyuta.

Madala a Kaundula: Chitavala jekete kkkk. Chabwino ndamva. Jambulani mapepalawo koma osawataya.

Che Akaunti: Mfundo ya Madala yoti pa kompyuta sipakhala chipsera ndi yaikulu kuposa momwe tikuitengera. Kumbukirani Cashgate mu 2013. Boma linali ndi sistimu yodula, IFMIS, koma ndalama zimatulutsidwa kudzera momwemo kenako zolembedwazo nkufufutidwa, mpaka anachita kuitana kampani yowerengera mabuku ya Baker Tilly kudzafukula. Ndiye sistimu payokha siiteteza kanthu ngati wolowetsa, wovomereza ndi wofufuta ali munthu mmodzi, kapena ngati ofesi yonse ikulowa ndi pasiwedi imodzi yolembedwa pa kapepala komata pa sikirini. Kwa inu Nangozo, mlimi wongopeka mmodzi pa mndandanda ndi thumba la feteleza lotuluka pakhomo. Aliyense akhale ndi akaunti yake, ndipo dzina lisamafufutidwe, muzingolemba kuti anasiya kapena anamwalira ndi deti lake. Mukaika fayiloyo pa Google Sheets, yomwe ili ngati Excel ya pa intaneti, pali version history, imaonetsa amene anasintha, chomwe anasintha ndi nthawi, ndipo mutha kubwerera mmbuyo. Chipsera chija ndi chimenecho Madala.

Nangozo: Google Sheets sifuna intaneti nthawi zonse? Kuno bandulo timachita kuwerengera, ndipo magetsi akazima rauta nayo yagona.

Kamnyamata ka IT: Itha kugwira popanda intaneti mukayatsa offline pa Chrome, imadzatumiza zosinthazo netiweki ikabwera, ndipo fayilo ya mizere 3,000 siidya bandulo, chimadya bandulo ndi ma status a WhatsApp kkkk. Akaunti yaulere ya Google ili ndi 15GB koma dziwani kuti malo amenewo amagawana ndi Gmail ndi zithunzi. Chachikulu: akauntiyo ikhale ya bungwe osati ya munthu. Ndipo nambala ya foni yolandirira kakhodi kotsimikizira ikhale layini ya ofesi, anthu awiri adziwe pomwe pali makhodi osungira. Ndaonapo bungwe litatsekeredwa kunja kwa imelo yake yomwe chifukwa khodi imapita ku foni ya munthu amene anachotsedwa ntchito mokangana, anachita kukampepesa kunyumba ndi nkhuku.

Anaphiri a M&E: Za alangizi otumiza zithunzi za mapepala pa WhatsApp zija zithe. Onani KoboToolbox. Mumapanga fomu pa kompyuta, alangizi aika KoboCollect pa foni ya Android, amalemba kumudzi kopanda netiweki ndipo akafika pa trading pomwe yagwira amangotumiza. Fomu mutha kuimanga kuti ikane nambala ya foni yoperewera, ikane zaka 200, mudzi asankhe pa mndandanda, itengenso GPS ya munda ngati mukufuna. Pulogalamu ina ya ODK nayo imagwira chimodzimodzi, ndi pachibale. Koma chenjezo, Kobo ndi dengu lotutira osati nkhokwe. Zikafika munthu mmodzi aziunike kaye, aone ngati mlimiyo sali kale m'kaundula, kenako ndiye alowe mu fayilo yaikulu. Ambiri amalakwitsa apa, chaka chilichonse kalembera watsopano, fomu yatsopano, manambala atsopano, pakutha pa zaka zitatu sangakuuzeni ngati mlimi wa 2022 ndi yemweyo wa 2024.

Wa ku Leeds: Palibe watchula bakapu mpaka pano?

Kamnyamata ka IT: Ndimabwera komweko. Lamulo lake amati 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi ofesi. Mwachitsanzo fayilo yogwirira ntchito pa Google Drive (malo osungira mafayilo pa intaneti), kope pa hard drive yapadera Lachisanu lililonse, ndipo hard drive ina izigona kwina osati mu kabati yomweyo ndi laputopu, chifukwa wakuba kapena moto sasankha. Ndipo anthu amvetse, Drive kapena OneDrive yongolumikizana ndi foda yanu si bakapu yokwanira, mukafufuta kuno imafufutanso uko, za mu bini ya Drive zimachoka zokha pakatha masiku 30, ndipo kachilombo kotseka mafayilo kakagwira laputopu mafayilo otsekedwawo ndi amene amakwera kumwamba. Hard drive ya bakapu mukamaliza izuleni, isamakhale cholumikiza.

Che Akaunti: Ndipo muziyesa kuitsegula. Ife tinakhala chaka chathunthu tikukopera mokhulupirika Lachisanu lililonse, tsiku lomwe kompyuta inapsa ndi mphenzi tinapeza kuti timakopera ka shortcut, kachizindikiro chabe ka pa desikitopu, fayilo yeniyeni ayi. Ndinatuluka panja kukakhala pansi pa mtengo wa mango ola lathunthu osalankhula ndi munthu.

Mlangizi wa zaumoyo: Ayi Che Akaunti pepani koma ndaseka mpaka ana andifunsa kkkkkk

Wa ku Leeds: Za kutseka mafayilo zija si nthano. Kumayambiriro kwa 2024 mapasipoti anaima kusindikizidwa kwa masabata, ndipo mu Febuluwale a Chakwera ali pulezidenti anauza aphungu ku Nyumba ya Malamulo kuti sistimu yalowedwa ndi anthu amene akufuna dipo. Ife akunja kuno tinaimva bwino nkhani imeneyo. Phunziro lomwe ndinatolapo ine ndi la makiyi: mukalemba kampani kuti ikupangireni sistimu, mgwirizano unene poyera kuti data ndi yanu, mapasiwedi akuluakulu muli nawo inu, ndipo tsiku lililonse mutha kutulutsa zonse mu CSV kapena Excel nkuchoka. Abwana anu akafuna kugula sistimu funso loyamba kwa wogulitsa likhale limenelo, tikadzasiyana katundu wathu tidzatuluka naye bwanji.

Wamalamulo: Ndalowa mochedwa. Pali mbali ina yomwe mabungwe ang'onoang'ono sakuilabadira. Tili ndi Data Protection Act ya 2024 tsopano, ndipo oyang'anira ndi MACRA. Mayina, manambala a foni, manambala a ziphaso ndi GPS ya pakhomo pa munthu zonsezo ndi data ya munthu payekha. Mwachidule lamulo likufuna kuti munthu adziwe chifukwa chomwe mukutengera zinthu zake, mutenge zokhazo zofunika pa ntchitoyo, muzisunge motetezeka, musazisunge mpaka kalekale popanda chifukwa, ndipo zikabedwa kapena kutayika pali udindo wodziwitsa. Likukambanso zotumiza data kunja kwa dziko, ndiye za Drive ndi Kobo zija muwerenge mbali imeneyo popeza maseva ake sali kuno. Chomwe chikundidetsa nkhawa pa nkhani yanu Nangozo si mindandanda itatu, ndi laputopu ya mnyamata uja. Ili ku Lilongwe ndi mayina a anthu 3,000 ndipo iye salinso wantchito wanu.

Nangozo: Mayo ine, izi sindinaziganize nkomwe. Komanso fayilo ija ya pa WhatsApp inatumizidwa pa gulu la alangizi, muli anthu oposa 20 ena anasiya kale.

Wamalamulo: Ndi zimenezo. Mnyamata uja mulembereni kalata yaulemu, abweze zonse, afufute zotsala inu mukuona, asaine. Ndipo kuyambira pano pakhale pepala la zoyenera kubweza munthu asanalandire malipiro omaliza: mafayilo, mapasiwedi, fulashi, layini ya foni. Mlangizi aziona alimi a dera lake okha. Ma donor akapempha lipoti apatseni ziwerengero, mayina pokhapokha pali chifukwa chomveka.

Madala a Kaundula: Kale timati handover, munthu sumachoka usanawerengetse mafayilo ndi wolowa m'malo mwako, mpaka makiyi a kabati. Zinatha liti zimenezi?

Anaphiri a M&E: Zinatha pomwe tinayamba kuona ngati data ndi nkhani ya "mwana wa kompyuta" Madala. Abwana ambiri amadziwa galimoto ya bungwe yayenda makilomita angati koma sadziwa kaundula ali pati. Nangozo, pa mwezi umene mwatsala nawowu ine ndikanachita chonchi. Sabata ino tsekani mafayilo atatuwo, wina asakhudzenso, sungani makope ake momwe alili. Aphatikizeni mu shiti imodzi ndi kolamu yonena komwe mzere uliwonse wachokera, sanjani potengera mudzi ndi dzina, obwereza aoneka okha. Okayikitsa musagamule mu ofesi, sindikizani mndandanda wa kalabu iliyonse mupite nawo kwa apampando ndi alembi a kalabu awerenge mokweza pamsonkhano, iwo amadziwana, adzakuuzani kuti awa ndi munthu mmodzi, awa anasamukira ku Mozambique, awa tinaika maliro. Mukabwerako perekani manambala. Kenako lembani tsamba limodzi lokha lofotokoza kolamu iliyonse tanthauzo lake, chifukwa mawu oti "membala" kwa wosunga ndalama ndi amene walipira, kwa mlangizi ndi amene amabwera kumisonkhano, ndipo mwina nchifukwa china manambala anu akusiyana. Owerengera mabuku mukawaonetsa zimenezi ndi mapepala a zidindo aja adzaona kuti mukudziwa chomwe mukuchita, kusiyana nkuwaonetsa sistimu yatsopano yopanda kanthu mkati.

Kamnyamata ka IT: Ndalama ya sistimuyo auzeni abwana agule hard drive ziwiri, ka UPS (kabatire kosungira magetsi) ka rauta ndi kompyuta, ndi mafoni awiri a alangizi. Chenji agulire Fanta a Anaphiri.

Nangozo: Ndabweranso akuluakulu, pepani dzulo ndinali ku sitolo ndi makatoni, mapepala ambiri ali bwino kupatula a kalabu imodzi omwe makoswe analawa m'mphepete. Mnyamata uja ndamuimbira, wayankha bwinobwino. Akuti itatu yonseyo ndi yakale, weniweni uli pa Google Drive ya imelo yake, dzina lake "alimi new". Ndiye ilipo inayi.

Che Akaunti: kkkkkkk ndinadziwa

Anaphiri a M&E: Musautenge ngati uthenga wabwino wa Mateyu chifukwa choti wanena iye, ulowe nawo mu shiti yophatikiza ija ngati wachinayi. Ndipo asangokupatsani link, asamutse umwini wa fayilo kupita ku akaunti ya bungwe, apo ayi tsiku lina adzayeretsa Drive yake nkupita nazo.

Nangozo: Akaunti ya bungwe tatsegula lero m'mawa pa layini ya ofesi. Wavomera kubwera Loweruka ndi laputopu, tikhala naye limodzi ndi wosunga ndalama wathu. Kalata ija a Wamalamulo ndingakutumizireni ku inbox muione kaye ndisanasindikize? Ndipo abwana akufunsa ngati transport ya Lilongwe kubwera ku Dedza timubwezere ife kapena ayi.

Madala a Kaundula: Mubwezereni, ndi nkhomaliro yomwe. Afike ali wosangalala, pali mapasiwedi ena amene simunadziwe kuti muwafunse.

Wamalamulo: Tumizani, ndiiona madzulo ndikaweruka.